Kilatchi Ikamasilipa ndi Injini Ikamanjenjemera pa Njinga Yamoto Yakale: Poyambira ndi Pati?

Njinga yamoto ikakalamba, madandaulo awiri amakonda kubwera limodzi. Mukakoka moto injini imangolira koma liwiro osawonjezereka, kwinaku mahandulo akunjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi. Mwini wake amangogamula kuti injini yatha, n'kuyamba kufunsa mtengo wa pisitoni ndi kilanki. Dikirani kaye. Kawirikawiri awa amakhala mavuto awiri osiyana, ndipo magwero ake ambiri ali kunja kwa injini, poti mufikapo ndi sipanala ya 10, ya 12, ya 14 ndi ya 17 basi. Tiyambira pa zosalira ndalama, n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono.

Ndikukamba makamaka za injini ya silinda imodzi yotengera Honda CG125, ija a Honda anayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970, yomwe mafakitale a ku China anaikopera n'kuiika m'njinga zambiri za 125 ndi 150 zimene zikuchita kabaza ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Wa Bajaj Boxer kapena TVS atsatira bwinobwino, kungoti miyezo aione m'buku la njinga yake.

1. Tsimikizani kaye kuti ndi kilatchi

Tenthetsani injini, mupeze msewu wowongoka wokwera pang'ono, wopanda anthu. Ikani giya yomaliza, muziyenda cha pa 40, kenako mukoke moto wonse kamodzi. Kilatchi ikakhala yabwino injini imalemedwa, ndipo kulira kwake kumakwera limodzi ndi liwiro. Ikakhala yosilipa, kulira kumathamangira kutsogolo njinga n'kutsalira, mukabweza moto pang'ono mumamva ikugwiranso. Vutoli limabisala pa giya 1 ndi 2, limaonekera pa magiya apamwamba ndi pa katundu. N'chifukwa chake njinga imene ikuyenda bwino m'chigwa ku Nchalo imakagonja pokwera chitunda cha Thabwa itanyamula munthu ndi thumba la mpunga.

Pali zinthu ziwiri zimene zimanamiza. Choyamba ndi tcheni cholumpha mano. Chimenechi sichiterereka mwakachetechete, chimachita kho! kho! njinga n'kumadzidzimuka. Yang'anani sipuloketi, magudumu a mano aja amene tcheni chimazungulirapo: mano akakhala osongoka ndi opindikira mbali imodzi, yatha. Kokani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu. Chikanyamuka mpaka kuonetsa theka la dzino, gulani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi. Chachiwiri ndi injini yofooka kapena buleki yogwira. Apa kulira sikukwera n'komwe, njinga imangolemera. Imeneyo si nkhani ya kilatchi.

2. Kebulo

Apa ndi pomwe njinga zambiri zimachirira, ndiye musapeputse. M'kati mwa kilatchi muli masipuling'i amene amapanikiza mapuleti kuti agwirane. Kebulo ya kilatchi, waya uja wochokera pa liva ya pa handulo, ikakhala yokungika, imakhala ikukoka pang'ono nthawi zonse ngakhale dzanja lanu lili kutali, mapuleti osagwirana mokwanira. Ndipo pa injini imeneyi mapuleti akamadyeka, mpata wa pa liva umachepa wokha. Njinga imene munaichuna bwino chaka chatha lero ikhoza kukhala yopanda mpata ngakhale palibe anaikhudza.

Gwirani nsonga ya liva ndi chala chimodzi, muikoke mofatsa. Iyenera kuyenda yopepuka mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kulimba. Ngati ikulimba pomwepo, masulani nati yotsekera pa handulo, mulowetse chochunira m'kati. Chikafika kumapeto mpata usanapezeke, pitani kumunsi, pa manati awiri amene ali pomwe kebulo imafikira pa injini. Kuchuna kwakukulu kumachitikira kumeneko, kwa pa handulo n'kongomalizitsira.

Mukatero tembenuzani handulo mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere, mukuyesa liva. Mpata ukamatha mukakhotetsa, kebulo yadutsa polakwika kapena yapanikizika penapake, monga zimachitikira anthu akamangirira magetsi owonjezera ndi mphira. Kenako kokani liva n'kuisiya, maso ali pa kamkono ka pa injini. Kayenera kubwerera msanga mpaka kumapeto. Kakamabwerera mwaulesi, chotsani kebulo muione. Youma ithireni oyilo mpaka atulukire kunsi. Yoti mawaya ake ayamba kuduka itayeni, chifukwa imakodwa m'kati mwa chikopa chake, ndipo tsiku lina idzakudukirani pakati pa msewu.

Bwerezani mayeso a giya yomaliza aja. Ikagwira, mwamaliza.

3. Oyilo

Kilatchi ya njinga zimenezi imasambira mu oyilo yemweyo wa injini. Choncho oyilo amafunika woti atereretse pisitoni ndi magiya koma osatereretsa mapuleti. Mu 1998 a ku Japan anakhazikitsa muyezo wa zimenezi, ndipo pa botolo mumaona palembedwa JASO MA kapena JASO MA2. Ameneyo ndiye wanu. Wa JASO MB ndi wa masikuta, amene kilatchi yake sikhala mu oyilo. Oyilo wina wa galimoto, makamaka wolembedwa Energy Conserving kapena Resource Conserving, ali ndi mankhwala ochepetsa kukhulana, ndipo ndi omwewo amene amasilipitsa mapuleti. N'chimodzimodzinso timabotolo ta mankhwala owonjezera mu oyilo tija amati timatsitsimutsa injini. Oyilo woyezera m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, woti simukudziwa mgolo umene wachokera, ine sindingamuthire m'njinga yodyetsa banja.

Imitsani njinga mowongoka, mutulutse chopimira, muchipukute, muchibwezere osachimanga, muone mlingo. Kenako nunkhizani. Fungo lopsa likusonyeza kuti mapuleti akhala akutentha. Fungo la petulo, makamaka ngati mlingo wakwera wokha, likusonyeza kuti kabuleta ikudontha usiku kampopi ka petulo katasiyidwa kotsegula. Konzani kabuletayo, apo ayi oyilo watsopano awonongekanso.

Khetsani oyilo injini ili yofunda, mum'landire m'beseni loyera ndipo musamutaye, tim'funa kutsogoloku. Tsukani kasefa ka waya kamene kamatuluka limodzi ndi sipuling'i pa chotsekera chachikulu cha kumanzere. Thirani watsopano, 20W-50 kapena amene buku likunena, pafupifupi lita imodzi. Ngati oyilo wolakwika sanakhalitsemo, kilatchi ikhoza kubwerera mwakale mutayenda pang'ono n'kusinthanso kachiwiri. Ikapanda kusintha, basi, tsegulani.

4. Kutsegula kilatchi

Musanamasule kalikonse, gulirani gasiketi ya kava ya kumanja. Yakale sikawirikawiri kutuluka yamoyo. Ntchitoyi ichitikire pa simenti kapena pa lona, osati pa mchenga, komanso osati pamene mphepo ya fumbi ya mu Okutobala ikuwomba.

Khetsani oyilo, chotsani kiki, kebulo, ndi popondera ngati pakutsekereza. Masulani mabawuti a kava. Kutalika kwake n'kosiyana, ndiye jambulani chithunzi cha kavayo pa katoni, muziboola ndi kuzika bawuti iliyonse pamalo pake. Kava ikakana, igogodeni ndi mtengo. Musalowetse sikuludilaiva pakati, mudzakanda pogona gasiketi ndipo pazidontha mpaka kalekale. Samalani timapaipi tiwiri tolondolera kava ndi kachitsulo kokankha kilatchi, timakonda kugwa osaoneka.

Pa injini ya mtundu wa CG mupeza kutsogolo kwa kilatchi kambale kozungulira kotsekedwa ndi masikuluwu atatu. Imeneyo ndi sefa ya oyilo yozungulira ndi kilanki. Itseguleni, mukokolole matope akuda amene aumbika m'mbali mwake. Njinga zambiri zakale sefa imeneyi sinatsukidwepo chigulireni. Nati yake ndi ya mipata inayi ndipo ili ndi soketi yakeyake. Bwerekani kwa makaniko m'malo moikhoma ndi tchizulo.

Masulani mabawuti a masipuling'i pang'onopang'ono, modumphanitsa, iyi kenako ya moyang'anana nayo. Chotsani kawaya kotsekera pakati ndi pulayala yake, mutulutse mapuleti onse pamodzi, muwasanje momwe atulukira. Jambulani ndi foni.

Tsopano onani zinthu zinayi.

Mapuleti okhala ndi zikopa. Atsopano pa CG125 amakhala okhuthala pafupifupi mamilimita 3, ndipo akafika pa 2.6 atha. Ngati mulibe veniya, chida choyezera kukhuthala, yerekezani ndi latsopano, muonenso timizere ta pakati pa zikopazo: tikafafanizika, latha. Koma kukhuthala kokha sikokwanira. Puleti lopsa limakhala lakuda, lolimba, lonyezimira, chikhadabo sichilowa. Loterolo silingagwire ngakhale likhale lokhuthala bwanji. Sinthani onse, osati awiri okha ooneka moipa.

Mapuleti achitsulo. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapulumutsira ndalama molakwika. Lipukuteni, muligoneke pa galasi la windo kapena kalilole, mulidine ndi chala m'mphepete mozungulira. Lowongoka limagona phee. Lopindika limagwedera, mumamva ka-ti-ti pa galasipo. Mukayeza ndi fila geji, timapepala tachitsulo toyezera mipata yaing'ono, mpata wopitirira mamilimita 0.2 ndiye kuti lapita. Mawanga abuluu kapena ofiirira ndi chizindikiro choti linatentha kwambiri. Lowongoka koma losalala mukhoza kulikwecha pang'ono ndi sandipepala wosalala mutamuyala pa galasi lomwelo, n'kulitsuka bwino. Lopindika silibwerera, ndipo mukaliphatikiza ndi mapuleti atsopano liwadya msanga.

Masipuling'i. Kutentha kumawafooketsa n'kuwafupikitsa. Aimikeni pa galasi paja pambali pa yatsopano. Akakhala aafupi kapena osalingana, sinthani onse. Ndi otsika mtengo poyerekeza ndi kutsegulanso kava mwezi wamawa. Kuika mawashala pansi pa masipuling'i otopa, monga amachitira ena, kumangokufikitsani kunyumba. Si kukonza.

Basiketi. Ichi ndi chimbale chimene mapuleti amakhalamo. Yendetsani chikhadabo m'mbali mwa mipata momwe makutu a mapuleti amalowa. Mukamva timasitepe, mapuleti amakodwa m'menemo, osatseguka bwino komanso osatsekeka bwino. Tikakhala tosaya, tisalazeni ndi tupa mofatsa, mukuchotsa nsonga zokha. Tikakhala takuya, basiketi ina. Gwiraninso giya ya kumbuyo kwake, mugwedeze basiketiyo: ikamasewera kwambiri kapena kulira, malabala ndi maliveti ake atha.

Pobwezera, vikani mapuleti atsopano mu oyilo wa injini kwa ola limodzi kapena kuposa. Ambiri amawasiya usiku wonse. Yambani ndi la zikopa, kenako lachitsulo, mosinthanitsa, n'kumalizanso ndi la zikopa. Onetsetsani kuti mano a mbale yopanikiza alowa bwino m'malo mwake musanamange. Mabawuti a masipuling'i ndi ang'ono ndipo amalowa mu aluminiyamu: mangani modumphanitsa ndi sipanala yaifupi, akagona mungowonjezera pang'ono. Wothina mwamphamvu amathyola nsanamira ya mbaleyo, ntchito ya tsiku limodzi n'kusanduka ya sabata. Palani gasiketi yakale yonse, tsekani, thirani oyilo, muchunenso kebulo, ndipo mudzaionenso pakatha masiku angapo chifukwa mapuleti atsopano amakhazikika.

Zikatero funso ndi lakuti yakaleyo inapsa bwanji. Nthawi zambiri ndi zala ziwiri zogona pa liva tsiku lonse, kuimika njinga pa chitunda ndi hafu kilatchi m'malo mwa buleki, kunyamukira pa giya 2, ndiponso kulimbana ndi mchenga kapena matope a dzinja muli ndi matumba atatu a makala. Ngati njinga mumapatsa mnyamata kuti aziyendetsa, m'kwereni kumbuyo tsiku lina muone dzanja lake lamanzere.

5. Kunjenjemera: pezani kaye mbali imene kukuchokera

Injini ya silinda imodzi yopanda chitsulo chobalansira m'kati, monga CG yakale, imanjenjemera mwachibadwa, makamaka ikamalira kwambiri. Chimene tikusaka ndi kunjenjemera kwachilendo, kumene kunalibe kale. Mayeso atatu akuuzani kolowera.

Njinga itaima pa neutral, kwezani moto pang'onopang'ono. Kunjenjemera kukabwera ndipo kukukula ndi kulira kwa injini, vuto lili pa injini kapena pomwe yamangidwa.

Mukuyenda pa liwiro limene kumavuta, kokani kilatchi, mubweze moto, njinga izingoyenda yokha. Kukapitirira, injini ilibe mlandu: ndi matayala, tcheni kapena mabeling'i.

Kukamabwera pongonyamuka pokha, njinga n'kumadumphadumpha mukamasiya liva, ndiye pamene mavuto awiri aja akumana. Ndi mapuleti achitsulo opindika, basiketi ya masitepe, kapena malabala a mu habu ya kumbuyo. Malabalawa n'ngosavuta kuyesa: gwirani sipuloketi yaikulu, muipititse kutsogolo ndi kumbuyo tayala litaima. Ikamasewera, atha.

6. Ngati ndi za kumatayala

Kwezani njinga pa sitandi yapakati. Zungulitsani tayala mutagwira choko pafupi ndi limu, choko chikamakhudza pena n'kusiya pena, limu yapindika. Gogodani masipoko ndi sipanala. Olimba amalira ngwee, omasuka amalira phwa. Onani ngati tayala lakhala mofanana kuzungulira limu yonse, komanso ngati lilibe chotupa kapena chigamba chachikulu m'kati. Gwedezani tayala cham'mbali kuti mumve mabeling'i, muchitenso chimodzimodzi ndi swing arm, mkono wogwira tayala lakumbuyo, ndi khosi la handulo.

Tcheni chiyeseni m'malo angapo mukuzungulitsa tayala, chifukwa chakale chimakhala chothina pena, chomasuka pena. Chunirani pamalo pothinitsitsa, chizisewera mamilimita 20 mpaka 30 kapena monga kapepala ka pa njinga yanu kakunenera. Tcheni chokungika kwambiri chimanjenjemeretsa popondera, ndipo chimapha beling'i ya kuseri kwa sipuloketi yaing'ono.

7. Ngati ndi za ku injini

Yambani ndi mabawuti omangira injini ku felemu: kutsogolo, kumbuyo, pansi, ndi ina ya pamwamba pa mutu wa injini yobisika kunsi kwa thanki, imene imaiwalika kawirikawiri. Misewu ya mabampu imawamasula. Musangowayang'ana, ikani sipanala pa iliyonse. Kafumbi kofiira ka dzimbiri kozungulira bawuti ndi umboni woti pakhala pakusewera. Bawuti yodyeka pakati kapena bowo lokula sizithina bwino ngakhale mukokere bwanji. Sinthani bawutiyo ndi zitsulo zogwirira. Pukutani felemu pafupi ndi malo amenewa ndi kunsi kwa khosi, muunike ndi tochi. Kamzere kopyapyala kadzimbiri pa penti ndi mng'alu. Njinga yotero isanyamule munthu mpaka itawotchereredwa ndi wodziwa ntchito.

Kenako ekizozi, pa manati awiri a kumutu ndi pa bawuti ya kumbuyo, komanso malabala a thanki, keriyala ndi zotchingira miyendo. Zonsezi zikamasuka zimakulitsa kunjenjemera kumene kunali kochepa.

Injini yophonya moto nayonso imagwedezeka, koma mosalongosoka, modukizadukiza. Tulutsani pulagi, muone mtundu wake ndi mpata wake, mamilimita 0.6 mpaka 0.7 pa pulagi ya D8EA imene injini zimenezi zimagwiritsa ntchito. Tsukani sefa ya mpweya. Masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta, mulandire petulo m'kabotolo koonekera. Madzi amakhala pansi paokha, ndipo sasowa mwa amene amamwetsa wa m'zigubu nthawi ya mizere pa mafilingi siteshoni. Matapeti, ndiwo mpata wa pa mavalavu, achuneni injini itazizira, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka: mamilimita 0.08 pa CG125. Boxer ili ndi tcheni cha taimingi m'kati, ndipo chikamasuka chimachita phokoso losokosera limene ena amalisokoneza ndi kutha kwa injini.

Zonsezi zikakhala bwino, tengani beseni la oyilo wakale lija mupite nalo padzuwa. Lipendekeni pang'onopang'ono. Oyilo wakuda bii yekha si nkhani. Koma pansi pakamanyezimira tinyenyeswa tachitsulo, kapena m'kasefa muja mutakodwa tizidutswa tomveka pakati pa zala, china chake chikudyeka m'kati.

Chotsani kava ya kumanzere kuti muone maginito, chimbale cholemera chopangira magetsi chomangidwa kumapeto kwa kilanki. Yesani nati yake yapakati. Ikamasuka, maginito amagwedera pa kilanki n'kudya kakiyi kake, ndipo njinga imanjenjemera ndi kugogoda ngati yathadi, pomwe mankhwala ake ndi kiyi yatsopano ndi kumanga bwino. Nati ikakhala yolimba, gwirani maginitowo ndi manja awiri, muwakankhe m'mwamba ndi pansi mwamphamvu. Sayenera kusuntha ngakhale pang'ono. Mukamva ka-khu, mabeling'i a kilanki atha. Chizindikiro china ndi mdidi wokhuthala wochokera pansi pa injini umene umakula ndi moto, kapena kugogoda kolemera mukabweza moto mwadzidzidzi, komwe kumaloza beling'i ya kondirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kilanki.

Apa ndiye pothera ntchito ya pakhonde. Kugawa injini pakati kumafuna pula, chida chozulira maginito, ndipo kusintha kondirodi kumafuna pulesa ndi munthu wodziwa kuwongola kilanki ikaphatikizidwa, chifukwa ikakhota pang'ono chabe njinga idzanjenjemera kuposa poyamba. Musapitirize kuiyendetsa poti ikulirabe. Beling'i ikasweka imawononga ndi makesi omwe. Popita ku galaja, uzani makaniko zonse mwayesa kale ndi zimene mwapeza, mufunse mtengo wa kilanki yathunthu ndi wa kukonza yakaleyo musanasankhe, ndipo munene pasadakhale kuti zitsulo zonse zochotsedwa adzakubwezereni m'manja.